Botolo Loyamba la a Haji Bechir

Maluwa a malalanje anali atayamba kale kuyoyoka ku Nabeul, koma patebulo la Rym Jaziri panalibe botolo.

Rym ndiye ankagulira katundu fakitale ina ya sopo ku Tunis. Pa zonse zimene ankagula, zomusowetsa mtendere zinali mafuta a maluwa amenewa. Sopo wawo wotchuka ankadalira fungo lake, ndipo maluwawo amathyoledwa nyengo imodzi yokha. Ukaphonya, udikire chaka chamawa. Mafutawo ankawagula m'tauni ya Nabeul, kwa a Haji Bechir, munthu wosadziwa zosainirana. Iwo akatcheza maluwa oyamba m'miphika yawo yamkuwa, ankatumiza botolo limodzi la madzi onunkhira kwa wogula. Ukalisunga, ndiye kuti mafuta a chaka chimenecho ndi ako.

Wobweretsa botololo anali Skander, mwana wa a Haji. Chimene Rym sankauza munthu n'chakuti nyengoyi ikafika ankavala ndolo zake zapamtima m'mawa uliwonse, ndipo chitseko chikangoti kwee, mtima unkamuthawa.

Chaka chino chitsekocho chinkangolowetsa a Mondher, bwana watsopano woonetsetsa kuti ndalama za kampani zisamamwazike.

"Mayi Jaziri, mafuta aja ali kuti? Akufakitale akuti otsala ndi a pansi pa mgolo."

"Akubwera, bwana."

"Pepala la mgwirizano?"

"A Haji sasaina. Mawu awo ndi okwanira."

"Mawu sindingawaike m'kabati," anatero a Mondher. "Mukugula kwa nkhalamba imodzi. Ikadzatsokomola, fakitale yonse idzagona m'chipatala."

Rym anaimbira Skander. Foni inaitana mpaka kutopa. Anaimbanso, zii. Maganizo anayamba kumuyenda ngati nyerere: kaya wadwala, kaya amupezera mkazi kwawo komweko, wamasaya osalala, wodziwa kutcheza maluwa. Loweruka anakwera minibasi ya ku Nabeul.

Fungo linamulandirira kumsewu. Pabwalo la a Haji azimayi ankakhuthulira maluwa pansalu zoyala, miphika ikufuka nthunzi. A Haji anamulonjera mwaulemu wopitirira, ulemu wopatsa mlendo wosamudziwa. Khofi anabwera, koma wopanda kadontho ka madzi a maluwa kamene nthawi zonse ankamudonthezera ndi dzanja lawo. Rym anamwa, naika kapu pansi.

"A Haji, chaka chino mwandiiwala?"

Mkuluyo analoza pawindo. Botolo linali pomwepo, likadali chikulungire m'nsalu yoyera.

"Skander analifikitsa pachipata panu. Mlonda anati mphatso zonse zizisiyidwa kwa iye. Kutacha, galimoto ya kampani yanu inaima apa n'kulibweza, anansi akuonerera."

"Sindinabweze ine! Sindinalione n'komwe!"

"Ndakukhulupirira, mwana wanga. Komatu wogula akabweza botolo, ndiye kuti wapeza kwina. Mafuta onse ndinalonjeza anthu a ku France."

"Auzeni kuti panali kulakwitsa."

"Ndiwauze kuti mawu a Bechir amabwezedwa ngati botolo?"

Rym anatuluka, naima kuseri kwa miphika, n'kuimbira a Mondher.

"Eya, ndinalamula ndine," iwo anayankha mosatekeseka. "Lero botolo, mawa firiji, mkuja galimoto. Katangale amayamba choncho."

"Sinali mphatso, bwana! Unali mgwirizano wathu!"

"Mgwirizano wa m'botolo? Ndinanena ine za nkhalamba imodzi. Pezani kwina, mayi. Lolemba ndikufuna yankho."

Kwina kuti, maluwa akutha? Rym analakalaka kuponya foniyo m'ng'anjo.

Atatembenuka anapeza Skander ataima, malaya atanyowa ndi thukuta, kaduwa katakodwa m'tsitsi. Skander anamuperekeza kokwerera minibasi, nadutsa pamsika wa mbiya.

"Foni yako inagwera mumphika?" anafunsa Rym.

"Ndinkayesa wabweza ndiwe. Ndinalikulunga ndekha lija."

"N'chifukwa chake mfundo yake inali yonyansa chonchija."

Skander anaseka pang'ono, kenaka anasuzumira uku ndi uku ngati wakuba, natsitsa mawu. "Usauze bambo kuti wamva kwa ine. Pali munda umodzi umene sunalonjezedwe. Wa azakhali anga a Zohra. Mafuta awo angakufikitseni chaka chamawa."

"Ndiye tikuimiranji pano? Tiye!"

"Dikira kaye, iwe. Azakhali sagulitsa kwa alendo. Amagulitsa kwa abale okha." Anayamba kukanda pansi ndi nsapato, makutu atafiira. "Koma ndinawafunsa. Akuti mkazi wa mwana wa mchimwene wawo ndi m'bale. Ngakhale wongotomeredwa."

Msewu wonse unachita ngati waima. Zaka zonsezi Rym ankalota mawu amenewa, m'munda, maluwa akugwera paphewa, osati pano pafungo la dizilo. Komabe anali omwewo. Anatsegula pakamwa kuti avomere, ndipo pomwepo anakumbukira chimene wogula katundu aliyense amalonjeza poyamba ntchito: kampani sigula kanthu kwa m'bale wa wogulayo.

Anaseka, misozi ikulengeza.

"Waseka chiyani? Ndanena zopusa?"

"Ndikakhala mlendo, azakhali ako sandigulitsa. Ndikakhala m'bale, kampani indiletsa kugula. Mwapangana ndi a Mondher kapena?"

"Sindiwadziwa n'komwe! Osawauza bwanji?"

"Ndibise ukwati wa ku Nabeul? Ng'oma zake zimamveka mpaka ku Tunis!"

"Tunis, malo amodzi!" anakuwa dalaivala. "Achemwali, mukukwera kapena mukukwatiwa?"

Rym anaponda pakhomo la minibasi, natembenuka.

"Mafuta apita, Skander. Sopo uja chaka chino kulibe, ndipo Lolemba ndikayankha ndekha. Funso linalo ukafunse bambo anga. Uvale malaya ouma."

Dalaivala anakoka chitseko, minibasi inanyamuka.