Thukuta la Chikomeni

Chikomeni Jere wavina ingoma zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sanavinepo mkazi wake Modester osalowa m'bwalo kudzamupukuta thukuta. Kumudzi kwawo, kufupi ndi Embangweni, mwamuna akaponda bwino mkazi amamupukuta pamphumi anthu akuona. Wosapukutidwa ndiye kuti wavina zachabechabe, kapena kunyumba kulibe mtendere.

Ndiye kunabwera Linily, mtsikana wa zaluso wochokera ku Lilongwe, ndi kamera yotsata thupi la munthu. Ukakweza mkono, pakhoma pamaoneka chimunthu cha kuwala chikukwezanso. Ukaponda pansi, masipika amagunda mpaka malata kunjenjemera. Anabwereka holo pa boma, n'kutseka mazenera ndi mabulangete dzuwa likuswa mtengo. Anaitana Chikomeni kuti adzavine.

Pansi anajambulapo bokosi ndi choko, kukula kwake ngati mphasa.

"Adada, musatuluke umu," anatero Linily. "Asalowenso wina. Kamera ikaona anthu awiri imasokonezeka, zonse zimazima."

"Nanga amama akunyumba?" anafunsa Chikomeni, akunena Modester.

"Adikire mumalize."

Chikomeni anafuna kukana, koma mipando inali itadzaza kale: aphunzitsi, manesi, ndi apolisi omwe. Mwamuna wamkulu sathawa bwalo. "Yewo," anavomera, mtima ukumuwawa.

Anayamba. Phazi likafuna kupita patali, choko chinkalibweza. Munthu wozolowera kudya bwalo lonse ankangozungulira pamodzimodzi ngati mbuzi yapachingwe. Koma pakhoma zinali kukoma, chimunthu chija chikumwaza moto ndi chishango chake, moti anthu onse anatembenuza mipando n'kumufulatira mwini gule. Thukuta linamulowa m'maso, likuluma.

Nthungululu ya Modester inamveka. Anabwera ndi kansalu m'manja mpaka zala zakumapazi zinagunda mzere wa choko uja.

"Ndapota, mwana wanga," anauza Linily. "Kamodzi pera, mbwenu ndituluka."

"Pepani amama. Zizima."

Modester anaima pamenepo kanthawi, akuyang'ana nkhope yonyowa ya mwamuna wake. Kenaka anadutsa pakati pa mipando, anafika kukhoma, anatambasula dzanja n'kuyamba kupukuta pamphumi pa chimunthu cha kuwalacho.

Holo yonse inawomba m'manja, poyesa kuti zinali zokonzeratu. Chikomeni anali atatopa, manyazi atamugwira. Koma chimunthucho chimazimirira wovina akangoima, ndipo mkazi wake akanatsala akupukuta khoma anthu onsewo akuona. Chikomeni anapitiriza kuponda.