Galu Wodikira Ameni

Amayi ake a Curtis atamwalira, uthenga wa maliro umene unatuluka m'nyuzipepala ya m'tauni mwawo ku Michigan unati Lorraine Vandermolen wasiya mwamuna wake Dale, mwana wake Curtis ndi chitsirizira wake Otis. Palibe anadabwa. Aliyense wa mumsewu mwawo ankadziwa kuti Otis ndi galu wamakutu akugwa amene ankakhala mpando wakutsogolo m'galimoto, Curtis ali kumbuyo. Pa makhadi a Khirisimasi ankaoneka pakati pa banja atavala kachipewa kofiira. Kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Curtis ankamva funso limodzimodzi akangolowa m'nyumba: mng'ono wako wam'patsa madzi?

Tsopano Curtis anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, Otis khumi ndi zinayi, ndipo amayi anali phulusa m'kabokosi kathabwa pa shelefu ya pabalaza. Anali atakhala pamenepo miyezi khumi ndi umodzi. Asanamwalire anasiya mawu kuchipatala, mutu wawo ukugwira bwinobwino: asawamwaze okha. Adikire Otis. Akadzafa, nayenso amuwotche, phulusa lawo alisakanize, kenaka akalimwaze m'munda wa maapozi wa achemwali awo kumene awiriwo ankakonda kukayenda. Bambo Dale anavomera chifukwa sakanatha kuwakanira ali pabedi lija. Curtis anavomera chifukwa anaona msanga kuti galuyo akakhala moyo, amayi akhalabe m'nyumba.

Iye anasiya koleji chaka chachiwiri kuti aziwaperekeza kuchipatala, ndipo atamwalira sanabwererenso. Ankasintha matayala pagalaja ina kuyambira m'mawa mpaka masana. Nthawi yotsalayo inali ya Otis. Miyendo yakumbuyo ya galuyo inali itafooka, moti Curtis ankamukoleka thaulo pamimba n'kumunyamula ngati chikwama potsika masitepe atatu a pakhonde kuti akakodze. Mapilitsi ankamubisira m'chiponde. M'khitchini monse anayalamo zidutswa za kapeti kuti asamaterereke.

Ndiye panali nkhani ya chakudya. Amayi Lorraine anali munthu wa tchalitchi, ndipo Otis ali kamwana anamuphunzitsa kuti asakhudze mbale asanapemphere. Ankaika mbale pansi n'kunena kapemphero kawo kakafupi, galu ali chilili, dovu likuchucha, maso ali pa milomo yawo. Akati ameni, m'pamene ankadya. Alendo ankaseka, ena kujambula pafoni. Sabata ya maliro palibe anakumbukira zimenezi. Otis anatha masiku awiri atagona pafupi ndi mbale yodzaza, anthu n'kumati nayenso akulira, mpaka Curtis anatulukira vuto. Iye anali atasiya kupemphera tsiku limene dokotala anawaonetsa chithunzi cha mapapo a amayi ake. Komabe anagwada m'khitchinimo nanena liwu limodzi lokhalo, mokalipa ngati akutukwana. Otis anadya. Kuyambira pamenepo, kawiri pa tsiku, Curtis ankanena liwu limene sankalikhulupirira kwa galu amene ankalikhulupirira.

Lolemba lina mu Okutobala, masamba atayoyoka pabwalo ponse, Curtis anaweruka n'kupeza abambo ake akukolopa. Otis anali atadziipitsira pogona pake ndipo analephera kudzuka kuti achokepo. Bambo Dale, amene anayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi atatu ndipo sankakonda zoyankhula zambiri, ananena akufinya chokolopera kuti aimbira dokotala wa ziweto. Abwera Lachinayi masana, pakhomo pompano, kuti galu asavutike ndi galimoto. Curtis anafunsa ngati akudzamuyeza. Iwo anati ayi, akudzamubaya jakisoni womaliza.

"Mwatopa ndi kukolopa eti, adadi? Kukolopa kamodzi kokhaka?"

"Ndatopa ndi mmene amandiyang'anira. Iwe m'mawa sukhalapo. Sumumva akamabuula."

"Tanenani zoona. Mukufuna shelefu ija ikhale yopanda kanthu. Mwina a Darlene a kutchalitchi aja, obweretsa makeke Lamulungu lililonse, akusowa poika maluwa awo."

Bambo Dale anatsamiritsa chokolopera kukhoma. Sanakweze mawu. Anati mkazi wawo watha pafupifupi chaka m'kabokosi ngati katundu woiwalika padepoti, ndipo m'mawa uliwonse amamupatsa moni ndi manyazi. Anati Lorraine sananene kuti galu asungidwe mpaka aole ali moyo. Kenaka anawonjezera, maso ali pansi, kuti makeke a Darlene amawataya m'bini, ngouma ngati njerwa, ndipo Otis yemwe anawakana. Curtis sanaseke. Ananyamula galu wake kukamusambitsa.

Lachiwiri ndi Lachitatu sanapite kuntchito. Mnzake wina wa pagalaja, Terrence, anamubwereka kangolo kamatayala awiri kamene amamangirira agalu opuwala miyendo, kamene kanali ka galu wake amene anafa chaka chatha. Curtis anakatsuka, nathira mafuta m'matayala, nafupikitsa malamba. Lachitatu masana anamumangirira Otis pabwalo, nabwerera m'mbuyo pang'ono, namuitana ndi mluzu umene amayi ankaimba. Galu anaponya phazi kanayi, mchira ukuyesa kugwedera. Kenaka miyendo yakutsogolo nayo inapinda, mphuno inagunda pansi m'masamba, tayala limodzi lili m'mwamba likuzungulira lokha. Sanalire. Anangotembenuza diso n'kumuyang'ana Curtis monga ankachitira akaswa kanthu m'nyumba, ngati wolakwa ndi iyeyo. Curtis anamasula malamba. Abambo ake anali pawindo. Anatseka katani, ndipo madzulo amenewo Curtis sanawauze kuti aimbenso foni yoletsa dokotala.

Dokotala Halvorsen anali mayi wamfupi waimvi. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pansi pa kapeti ya pabalaza ngati wabwera kudzacheza, n'kumamutchula Otis kuti bwana wamkulu. Anafotokoza kuti majakisoni ndi awiri, woyamba wogonetsa tulo, wachiwiri woimitsa mtima. Kenaka anatulutsa m'chikwama kabotolo ka machokoleti. Chokoleti ndi poizoni kwa galu, ndipo moyo wake wonse Otis ankangothamangitsidwa patebulo akachinunkhiza. Koma lero, anatero dokotalayo, palibenso choopa, ndipo iye salola galu aliyense kupita osalawako. Anati Otis akayamba kudya, iye abaya jakisoni woyamba galu ali mkati mokondwa, sadzamva n'komwe.

Anaika machokoleti atatu pa kambale n'kukankhira pafupi ndi mphuno yake. Otis anadzutsa mutu. Mphuno inayamba kugwedezeka, dovu linadontha pa kapeti. Koma sanakhudze. Anatembenuza maso n'kuwaika pa milomo ya Curtis.

Dokotala anati zimachitika, ena pamapeto safunanso chakudya. Bambo Dale anati ayi, ameneyu akudikira pemphero, ndipo anafotokoza mwachidule. Dokotalayo anamwetulira pang'ono, kenaka anayang'ana Curtis n'kusiya kumwetulira.

Curtis anaona mmene zinthu zakhalira. Jakisoni anali m'manja mwa dokotala, koma nthawi yake inali m'kamwa mwa iyeyo. Akangokhala chete, palibe chichitike. Akhoza kukhala chete mpaka dzuwa kulowa, dokotala n'kutopa n'kumapita, amayi n'kukhalabe pa shelefu. Otis akanadikira. Anadikirapo masiku awiri. Khosi la galuyo linkanjenjemera ndi kulemera kwa mutu wake, koma maso sanachoke pa milomo ija.

"Nenani ndinu, adadi. Mwamuitana ndinu dokotalayu."

Bambo Dale anagwada, mawondo akulira, nanena ameni momveka bwino. Otis sanagwedeze ngakhale khutu. Ananenanso kachiwiri, chimodzimodzi.

"Ine sandimvera. Sanandimverepo n'kale lomwe. Anali wa amayi ako, pano ndi wako."

Curtis anayang'ana kabokosi kaja. Anaganiza kuti ngati anene, anene pemphero lonse monga ankanenera amayi, kuti mng'ono wake apite ndi mawu athunthu. Anafunafuna m'mutu. Analimva zaka khumi ndi zitatu, kawiri pa tsiku, atakhala patebulo akusewera pafoni, nthawi zina akuwanyoza kuti akupempherera galu ngati m'busa wosowa nkhosa. Ankakumbukira mmene ankaimira, dzanja limodzi m'chiuno, ndi mmene mawu ankakwerera chakumapeto. Koma mawu enieniwo panalibe. Anafunsa abambo ake ngati akukumbukira mmene linkayambira. Iwo anatsegula pakamwa, naganiza, kenaka anapukusa mutu. M'nyumba yonseyo amene ankalidziwa pempherolo anali galu yekha.

Mutu wa Otis unatsika mpaka chibwano chinakhudza kapeti. Anaudzutsanso movutikira. Curtis anagwira khutu lake lofewa lija, nalipinda m'zala monga ankachitira ali mwana.

"Ameni, mng'ono wanga. Idya."

Otis anadya. Anatafuna pang'onopang'ono ndi mano ake otsalawo, kenaka anayamba kunyambita kambale, kukakankha pa kapeti ndi lilime. Jakisoni woyamba sanamumve. Anagona lilime likadali pa kambale. Wachiwiri sanatenge nthawi.

Dokotala anatulutsa kadongo kofewa, nadindapo phazi la Otis monga amachitira, napereka kwa Curtis kuti akaumitse pawindo. Mtembo anaukulunga m'bulangete limene galuyo ankagonera, ndipo bambo ndi mwana anathandizana kuunyamula mpaka m'galimoto ya dokotala. Unali wopepuka kuposa mmene Curtis ankayembekezera.

Phulusa linabwera patatha milungu iwiri, m'kachitini kojambulidwa maluwa. Loweruka lake anapita kumunda wa maapozi. Zipatso zinali zitatha kale, mitengo ili mbee. Bambo Dale anathira phulusa la m'chitini m'kabokosi, natseka, nagwedeza pang'ono, ndipo atatsegulanso panalibe wodziwa kuti ili ndi la yani. Ntchito yonse yomwaza sinakwane mphindi zisanu. Mphepo inali yochepa, moti lambiri linangogwera pa nsapato zawo.

Atabwerera kunyumba, pa shelefu, pamene pankakhala kabokosi, panali malo amodzi oyera pakati pa fumbi. Curtis anaikapo kadongo kaja. Phazi la Otis linaoneka bwinobwino, zala zinayi ndi kachikhatho. Dzanja la amayi palibe anaganiza zolidinda.

Madzulo abambo ake anatenthetsa supu wa m'chitini, naika mbale ziwiri patebulo. Anakhala moyang'anizana, masipuni ali pambali. Nthunzi inakwera, inachepa, kenaka inatha, ndipo palibe anayamba kudya.