Shafuti imene amayi anatsuka

Galimoto ya adadi ndi yakale kuposa ine, kuposanso banja lawo ndi amayi. Ndi yofiira, yotsika kwambiri, ya mipando iwiri yokha, ndipo denga lake ndi lansalu. Kale ikamadutsa mumsewu anthu ankaicheukira. Koma chaka chatha inayamba kulira pansi, gu! gu! adadi akangosintha giya. Kenako inangogona m'galaja, n'kusanduka poikapo makatoni.

Amayi ndi telala. Makina awo osokera ankakhala pabalaza, ndipo makasitomala ankayesa madiresi kuseri kwa katani, pafupi ndi firiji. Tsiku lina pakudya amayi anaika supuni pansi.

"Bambo, mwezi uno ukamatha galaja ija ndikuifuna. Galimoto yanuyo ikatuluka ikuyenda bwinobwino, izigona panja. Ikakanika, ndiitana aja ogula zitsulo."

"Mayi, imeneyo ndi mbiri yathu," anatero adadi.

"Mbiri imeneyo ikudontha oilo."

Ine sindinayankhule. Kunyumba amanditcha Chete, ndipo dzinali silinabwere mwangozi. Ndinali nditangomaliza sukulu, ndipo aliyense wobwera kudzayesa diresi ankandifunsa kuti tsopano ndikuganiza zotani. Ndinkangomwetulira n'kuyang'ana matailosi. Koma nditamva za ogula zitsulo, ndinasiya kudya. Ndili wamng'ono ndinkakhala m'galimotoyo ikangoima, n'kumaiyendetsa ndi pakamwa. Sindinauzepo munthu kuti ndimachitabe zimenezi, kungoti tsopano mopanda phokoso.

Vuto lake adadi ankalidziwa. Pansi pa galimoto pali chitsulo chachitali chonga paipi, shafuti, chimene chimatenga mphamvu kuchokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo. Kumapeto kwake konse kuwiri kuli tizitsulo tonga mtanda timene timachilola kupindika. Timitanda timeneti ndi timene tinali titatha. Adadi anagula tatsopano, anakweza galimoto ndi jeke, naikhazika pa zochirikiza zachitsulo. Atagona chagada kuti alowe pansi, mimba inakana.

"Aikonza molakwika galimotoyi," anatero, theka lawo lili panja. "Kale ndinkalowa bwinobwino."

Ndiye ndinalowa ine. Kunena zoona, pansi paja panandisangalatsa. Palibe ankandiwona nkhope, palibe ankandifunsa za tsogolo. Panali fungo la girizi ndi mawu a adadi okha, akulangiza atagwada pakatoni.

"Usanamasule kalikonse, Chete, ika chizindikiro. Shafutiyo ili ndi zigawo ziwiri zolowana ndi mano. Mmene zatulukira ndi mmene ziyenera kubwerera. Ukaphonya dzino limodzi, galimoto ivina."

Choko tinalibe, choncho ndinakatenga utoto wa m'zikhadabo wa achemwali, wapinki, n'kujambula mizera pamalo onse olumikizana. Mabawuti anali olimba moti ndinachita kukankha sipanala ndi phazi. Shafuti itatsika inandigwera pachifuwa, ndipo adadi anawomba m'manja ngati ndagoletsa chigoli.

Masanawo tinagogoda timitanda takale mpaka tinatuluka, n'kulowetsa tatsopano. Adadi anandiphunzitsa kusamala tisingano tating'ono ta m'kati mwake, kuti kamodzi kasagwe. Titatopa, tinasiya zigawo ziwirizo patebulo la pakhonde lakumbuyo, osakumbukira kuti ndi pamene amayi amasitira zovala.

M'mawa mwake tinapeza zigawozo zitayalidwa panyuzipepala, zikuwala ngati mapoto atsopano. Adadi anaimba mluzu, anazilumikiza mwachangu akundisimbira za masiku awo aunyamata, n'kundipatsira. Nditalowa nazo pansi m'pamene ndinaona kuti mizera yanga yapinki kulibe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Kunja adadi anali akuimba nyimbo, akusangalala kwambiri. Ndinadziuza kuti mwina alumikiza bwino, ndipo ndinamanga mabawuti.

Tinatuluka pageti ngati mafumu. Titafika pamsewu waukulu adadi anaponda mafuta, ndipo galimoto inayamba kunjenjemera. Galasi loonera kumbuyo linazyolika. Kabokosi kakutsogolo kanatseguka kokha n'kulavula mapepala. Magalasi a adadi anatsetsereka mpaka kunsonga kwa mphuno, masaya awo akugwedera.

"I-i-ikuyenda!" anakuwa motero, koma nkhope yawo inali itagwa.

Amayi anatiwona tikubwerera pang'onopang'ono. Sanaseke. Anangofunsa adadi ngati akufuna tiyi. Adadi anakhala pakatoni m'galaja n'kunena kuti mwina shafuti yonse inapindika, ndipo ina ya galimoto yakale chonchi sangaipeze mwezi uno usanathe.

"Basi, Chete, tayesetsa," anatero.

Ndinapita pabalaza. Amayi anali akupinda mpendero wa siketi, mapini ali kukamwa. Ndinaima pambali pa makina nthawi yaitali, mpaka anatukula maso.

"Iwe, ukufuna kundiuza kanthu kapena ukundilondera?"

"Amayi, zitsulo zija munazitsuka ndi chiyani?"

"Palafini ndi waya wotsukira mapoto. Zinali bii, patebulo langa lositira! Munthu wina anazipakanso utoto ngati zikupita ku dansi. Unavuta kuchoka."

"Utotowo ndi umene unkasonyeza mmene zimalowera."

Amayi anachotsa mapini kukamwa, imodziimodzi. Ndinaona kuti amvetsa zonse, ndipo ndinaonanso kuti akangokhala chete, galimoto ipita kwa ogula zitsulo.

"Bambo ako akudziwa?"

"Ayi."

"Nanga iwe, bwanji sunanene pomanga paja?"

"Ankaimba," ndinatero.

Amayi anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka anagwira m'mimba. "Mwana uyu! Ndiye bambo ako akamaimba, nyumba ikhoza kupsa iwe uli phee?" Anapukuta misozi ndi kansalu. "Kodi chikhoza kukonzeka popanda utoto wakowo?"

Ndinawafotokozera zimene ndinaona ndisanamasule. Kumapeto kwa shafuti kuli timakutu tiwiritiwiri togwira timitanda tija, ndipo takutsogolo tinkayang'anizana ndendende ndi takumbuyo. Tikayesa dzino ndi dzino mpaka timakutu tifanane, mwina tipeza malo ake. Sindinayankhulepo mawu ambiri chotero kwa nthawi imodzi. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga rula yawo yaitali yachitsulo ndi choko chojambulira nsalu.

"Tiye. Sindikufuna anthu azinena kuti ndinapambana ndi palafini."

Adadi atamva nkhaniyo anagwira kumutu. "Mayi, mwatsuka shafuti?"

"Inu munaiika patebulo la ndani? Sunthani, mukutchinga kuwala."

Ndinatsitsanso shafuti. Ulendo uno mabawuti sanavute. Tinaigoneka pasimenti, adadi atagwira mbali imodzi, amayi atagwada pachidutswa cha nsalu ndi rula yawo. Ine ndinkasolola chigawo chachifupi, kuchitembenuza dzino limodzi, n'kuchilowetsanso.

"Chapendekeka," amayi ankatero, diso limodzi atatsinzina. "Bwereza. Ayi, wapitirira. Bambo, musagwedeze, mukupuma kwambiri."

"Ndisiye kupuma?"

"Pang'ono pokha."

Pamapeto pake rula inagona bwino pa timakutu tonse. Amayi anajambula mzera woyera wautali ndi choko, n'kutiyang'ana tonse awiri. "Umenewu asaufufute munthu."

Nditamanga zonse n'kutuluka pansi, ndinapeza amayi atakhala kale pampando wanga, atamanga mpango kumutu, kapu yodzaza madzi ili m'manja.

"Ndikufuna ndione ndekha," anatero. "Akatayikira pa diresi langa, mawa ogula zitsulo abwera."

Ndinatsala pageti, manja ali bii, ndikumvetsera kulira kwa injini kukuchepa mpaka kunazimirira. Ndinayesa kusesa m'galaja, koma tsache linkangobwerera malo amodzi. Anachedwa kwambiri. Ndinayamba kuganiza kuti mwina bawuti ina sindinaimange, mwina shafuti yagwera pamsewu, mwina akubwera wapansi.

Kenako ndinamva hutala. Galimoto inakhota pakona denga lili lotsitsa, adadi akumwetulira mano onse pamtunda. Amayi mpango unali utachoka, tsitsi lili nyankhalala. Kapu inali yopanda kanthu.

"Atayika?" ndinafunsa.

"Ndamwa," anatero amayi. "Bambo akowa anandipititsa kutali, ludzu linandipha."

Anatsika movutikira, chifukwa mpandowo uli pafupi ndi pansi, n'kuzungulira galimoto yonse akuiyang'ana monga amayang'anira kasitomala wovuta thupi. Kenako anachotsa tepi yoyezera m'khosi mwawo n'kundipatsa nsonga yake.

"Gwira apo, pamphuno pake. Ngati izigona panja, siigona yosavala. Ndili ndi nsalu yolimba yosalowa madzi, inatsala pa ntchito ina."

"Yamtundu wanji?" anafunsa adadi mwamantha.

"Yamaluwa."

Adadi anangoyang'ana galimoto yawo. Ine ndinagwira tepi pamene anandiuza, ndipo amayi anapita nayo kumbuyo akuwerenga chamumtima.