Banki Ikayamba Liwiro

Telala anasiya kupalasa makina, dilesi la mkwatibwi likadali pa singano, maso ali pa foni. Imelo inabwera ndi chizindikiro cha banki yake, chobiriwira chomwe chija. Inati akaunti yake itsekedwa masana omwewo akapanda kudina pa mawu abuluu n'kulemba nambala yake yachinsinsi.

Mu akauntimo munali ndalama za eni, zimene akwatibwi anapereka kuti agulire nsalu. Zikatsekeredwa, akawauza chiyani anthu, maukwati ali pakhomo?

"Alamu, taonani izi."

Alamu akewo, mng'ono wa mwamuna wake, anali pa mulu wa zigamba kudikira thalauza lawo. Anthu ankawatcha a Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi kamodzi, ndipo kuyambira tsikulo sanasowepo yankho pa nkhani iliyonse.

"Aa, zazing'ono izi! Dinani basi," anatero. "Zengerezu adalinda kwawukwawu, alamu."

Telala anadina. Panatseguka tsamba lokongola la timabokosi. Analemba dzina lake. Chala chitafika pa kabokosi ka nambala yachinsinsi, chinaima chokha.

Anakumbukira za mwezi wathawo. Kuti angosintha nambala ya foni, banki inamuimika pa mzere m'mawa wonse, inamuitanitsa chiphaso, inamusainitsa, kenako n'kumubweza kuti chithunzi sichikuoneka bwino. Tsiku limenelo anafika kunyumba akutukwana.

"Alamu, banki yochedwa ngati nkhono ija, liwiro yaphunzira liti?"

"Chitukuko chimenecho. Kapena mwaisowa mizere? Nthawi ikutha, mudzandikumbuka!"

Telala anayang'ananso kumene imeloyo inachokera. Dzina la banki linalipo, koma kumapeto kwake kunali zilembo zosokonekera. Anatulutsa khadi m'kachikwama, n'kuimba nambala ya kuseri kwake. Kanyimbo kodikiritsa kanalira, kanaliranso. Nanga akaitsekadi iye ali pano kumvera nyimbo? A Injiniya ankangogogoda wotchi yawo ndi chala.

Kenako anayankha mayi wa mawu odekha.

"Imelo imeneyo si yathu, mayi. Banki siifunsa nambala yachinsinsi, ngakhale ineyo sindingakufunseni. Mwalemba?"

"Ayi, sindinalembe."

"Mwachita bwino. Ifufuteni, ndi akuba amenewo."

Telala anapumira m'mwamba, misozi ili m'maso. Anatembenuka kuti abweze mwambi uja.

"Safunsa adadya phula, a Injini..."

Sanamalize. Alamu ake anali atatuwa milomo, akusisita foni yawo.

"Alamu," anatero chapansipansi, "tawafunsani. Nanga munthu amene walemba kale m'mawa uno?"

Telala sanaseke. Anawapatsa alamuwo foni yake mayi wa ku banki uja asanadule, n'kuwakokera mpando wa pa makina.