Nthambo za ku Eyapoti

Ine sindine munthu wolankhulalankhula. Mpaka pomwe ndinamaliza sukulu chaka chatha, aphunzitsi ena sankadziwa kuti m'kalasi mwawo muli Firdaus. Zimene ndikulemba panozi, ngakhale amayi sindinawafotokozere zonse.

Atate anga, ba Hatibu, anapeza pisiweki, ndiye kuti ganyu, ku eyapoti. Ndege zinali zitachuluka, okwera nawonso, ndipo makompyuta a kumeneko anayamba kutopa: mzere wa anthu ukutalika, makina akuganizabe. Choncho kampani ina inapatsidwa ntchito yochotsa nthambo zakale zolumikiza makompyutawo n'kuika zatsopano. Atate sankagwira kompyuta ayi. Iwo ankakwera m'denga, kukwawa m'ngalande, kusolola zakale ndi kukoka zatsopano. Ankafika kunyumba fumbi lili m'ndevu, n'kumatiuza monyadira kuti m'kati mwa nthambo yatsopano muli kaulusi ka galasi koonda ngati tsitsi, koma kamanyamula mayina a anthu onse okwera ndege.

Nthambo zakale ankaziunjika kuseri, ndipo kapitawo analola antchito kutengako. Amayi atamva anati abweretseko yoyanikapo zovala, poti yathu inali itaduka.

Masiku amenewo ku Kanyama kwathu kunali kutavuta. Akuba anali atadula mawaya a pa thiransifoma, malaiti n'kuthima dera lonse. Pampu ya madzi inaima. Nyama inaola m'mabutchala, ometa ndi owotcherera zitsulo ankangokhala pakhomo kuthamangitsa ntchentche. Anyamata ankayenda akulumbira kuti wodula mawaya akadzagwidwa, apolisi adzangopeza phulusa.

Lachisanu lililonse atate ankaweruka masana kuti akapemphere. Mumzikiti sangalowe ndi ovolosi ya fumbi, motero ankasamba konko kuntchito, n'kusiya ovolosi yolembedwa dzina la kampani pamodzi ndi kakhadi kawo ka kuntchito, n'kuvala mkanjo woyera. Lachisanu lina ndi pomwe anakumbukira pempho la amayi.

Ine ndinali kuchokera kotunga madzi kutali, chigubu pamutu, pamene ndinawaona akutsika basi pa sitesheni yathu. Nthambo yotuwa anali ataikulunga n'kuikoleka paphewa. Ndinafuna kuwaitana, koma panali anyamata ambiri oitanira mabasi, ndiye manyazi anandigwira. Ndinangofulumira kuti ndiwapeze.

"Imwe mudala, vichani ivo mwanyamula?" anafunsa mnyamata wina wa chipewa chofiira, amene sindinkamudziwa.

"Ni ntambo za ku nchito, mwana wanga. Za makompyuta, ku eyapoti."

"Ku eyapoti! Mwamvera? Tili na pailoti mu Kanyama!"

Anzake anaseka. Wina anati, "Ndeke mwaisiya kuti, ba pailoti? Mu madzi ya pa maliketi?"

Atate nawo anaseka pang'ono, napisa dzanja m'thumba kuti aonetse kakhadi. M'thumba munalibe kanthu. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo wa chipewa chofiira uja anaionanso.

"Kawalala!" anakuwa. "Uyu kawalala wa mawaya! Abisala mu mukanjo!"

Sindikudziwa kumene anthu anachokera. Anatuluka m'tuntemba, m'mabala, m'tinjira, ena sopo ali m'manja. Mbama yoyamba inagwetsa kachisoti ka atate. Wina anawakoka ndi nthambo ija pakhosi, iwo n'kugwa chagada m'matope. Kenaka zinali nsapato, mathabwa, zidutswa za mabuloko. Phokoso la buloko pa thupi la munthu si lalikulu ayi, limamveka ngati thumba la chimanga lagwa pa wilibala. Atate anatchinga mutu ndi dzanja, thabwa linatera pomwepo, dzanjalo n'kupindika pamalo posayenera kupindika.

"Mumenyeni! Bana bathu bamwa madzi ya mu ngalande chifukwa cha iwe!"

"Letani tayala!"

Ine ndinali chiimire, chigubu chidakali pamutu, madzi akutsikira m'khosi.  Ndinkangoti wina wamkulu alankhula tsopano, wina wowadziwa. Ndipo owadziwa analipo. Ndinawaona. Palibe anatsegula pakamwa.

Tayala linabwera likugubuduzika. Analikweza n'kuwaveka atate mpaka m'mapewa. Mkanjo unali utafiira kutsogolo konse. Atate anali atasiya kudziteteza, milomo yokha ikugwedera, ndipo ndinadziwa kuti akunena mawu amene Msilamu amanena akaona imfa. Fungo la palafini linandifika.

Chigubu ndinachiponya. Ndinadutsa pakati pa miyendo ya anthu, wina anandiponda chala, wina anakoka mpango wanga n'kutsala nawo m'manja. Ndinadzigwetsa pa atate n'kukumbatira tayala lija. Thabwa lomwe linali kale m'mwamba linandipeza pamsana. Palafini anandithira ine m'tsitsi.

"Chokapo iwe kamwana! Uzapya naye!"

Ndinadzutsa mutu. Wogwira botolo la palafini ndinkamudziwa.

"Mike," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Mike Ngosa. Nine Firdaus. Tenze kunkala desiki imodzi."

Anayang'ana kumbali ngati waitanidwa ndi wina.

Munthu wosalankhula amaona zambiri, ndipo mayina a anthu a mu komboni yathu ndinkawadziwa onse. Ndinayamba kuwatchula mmodzimmodzi, mokweza, monga momwe timaperekera moni.

"Ba Moven, mwachoma bwanji? Aba ni ba Hatibu, bamene banakukonzelani chitseko. Ba Benedict, naimwe mulipo? Ba Marjory, bamake Monalisa, ni batate aba. Bayanganeni kumenso."

"Bazakupusisani aba!" anakuwa wa chipewa chofiira. "Leta machisa!"

Koma anthu otchulidwa mayina aja anali atayamba kuyang'ana pansi. Ba Moven anabisa thabwa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Ba Marjory anaika manja pamutu.

"Mayo ine! Ni ba Hatibu zoona! Imwe banyamata, ni ba Hatibu aba!" Anadzapyola pakati, chitenje chikumasuka, naima patsogolo pathu. "Wamene afuna kushoka ayambile ine. Iwe Mike, nizauza banyoko lelo lamene!"

Wa chipewa chofiira anandimenya ndi chidendene m'nthiti, komaliza, n'kulavula. Pomwe amatembenuka kuti aone omuthandiza, anapeza gulu lapatuka. Anthu ankachoka chammbali, aliyense ngati amangodutsa. Mike anaika botolo pansi bwinobwino n'kuthawa.

Tayala tinalivula ine ndi ba Marjory. Linakanirira pa dzanja lothyoka lija, atate n'kubuula kamodzi, kenaka zii. Ba Benedict, amene nsapato yawo inali ndi magazi, ndiwo anabweretsa wilibala. Sindinawaletse. Ndekha sindikanatha kuwanyamula.

Njira yonse ya ku kiliniki mutu wa atate unkagunda pa chitsulo, ine ndikuthamanga pambali nditautchinjiriza ndi manja. Ndinkawaitana, osayankha. Anesi anawalowetsa m'kachipinda n'kunditsekera kunja. Ndinakhala pa benchi, palafini akundiwotcha m'maso, anthu akusuntha kundithawa chifukwa cha fungo. Ba Benedict anaima pakhomo ndi wilibala yawo, osalowa, osapitanso.

Patapita nthawi nesi wamkulu anatuluka akuvula magolovesi.

"Ndiwe mwana wao? Bazapola. Kwanja kwatyoka pabili, na nthiti, tizabatuma ku chipatala chikulu. Koma moyo ulipo. Ngena, bakufuna."

Atate anali atagona chammbali, nkhope yotupa moti sindikanawazindikira pamsewu. Diso limodzi lokha ndilo linkatseguka. Linandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumapazi opanda nsapato mpaka kumutu. Ndinagwada pafupi kuti ndimve, poti mawu ankatuluka movutikira pakati pa mano othyoka.

"Bakumenya?"

"Pang'ono chabe, batate."

Anatseka diso lija, nalitsegulanso. Ndi dzanja labwinolo anakoka nsalu ya kiliniki yomwe anawafunditsa, naikankhira kwa ine.

"Funda kumutu, mayi wanga," anatero. "Pali bantu pano."