Zala Zachikasu pa Diresi la Ukwati

Patatsala masabata atatu kuti ndikwatiwe, ndinathamangira ku shopu ya bambo anga, mtima uli dyokodyoko, kukayesa diresi. Bambo ndi telala, ndipo anali atalumbira kuti diresi la mwana wawo sasoka munthu wina. Nditalitambasula ndinaliyang'anitsitsa. Pachifuwa panali zidindo zitatu za zala, zachikasu, zamafuta.

Ndinakoka dirowa ya makina, mapepala a tchipisi ndi mabisiketi n'kukhuthukira pansi.

"Paja munati munasiya kudya zimenezi, bambo?"

"Ndinasiyadi, mwanawe," anatero akuyang'ana pansi. "Katatu konse."

Ndinalira, sindibisa. Nsalu yotsala inali yongokwana kusokanso chifuwacho kamodzi basi.

Anamwino oyandikana nafe nyumba, amene anabwera kudzatenga yunifolomu yawo, anatola pepala limodzi n'kuwerenga kumbuyo kwake.

"A telala, m'mawa mumadya chiyani?"

"Nthawi ndiipeza kuti, mayi? Ndimangotsegula paketi."

"Vuto lagona pamenepo. Zam'mapaketizi amazithira mchere, shuga ndi mafuta ambiri, moti pakamwa pamangofunabe koma mimba osakhuta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Si kuti ndinu ofooka ayi, ndi chibaba. Muzidya chakudya chenicheni musanakhale pa makina. M'dirowamo muikemo nthochi, pambali botolo la madzi. Chibaba chikabwera, imirirani muyendeko pang'ono, chimadutsa. Komanso mubwere kuchipatala tidzakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi."

Sabata loyamba bambo ankakalipira ngakhale ulusi. Lachisanu anazemba n'kukagula kapaketi kamodzi, koma anaulula okha, ndipo anamwino anati kupunthwa si kugwa. Pofika sabata lachiwiri, amayi anga ankawaikira chakudya m'kontena, iwo akusoka uku akuimba mluzu.

Tsiku la ukwati diresi linali loyera mbee, lokwana ngati ndinabadwa nalo. Chimwemwe chinali chosasimbika. Tili pakhomo la holo, bambo ananditambasulira zala zonse khumi.

"Yamba waziyendera kaye, ndisanakugwire."

Zinali zoyera. Ndinazigwira zolimba, tinalowa tikuvina.

Chibaba cha zakudya za m'mapaketi si chochititsa manyazi, ndipo n'chotheka kuchigonjetsa. Idyani chakudya chophika pakhomo pa nthawi yake, chotsani mapaketi pomwe dzanja limafika, ndipo zikavuta funsani azaumoyo.