Apongozi Pampando Wakumbuyo

Ine sindikhalitsa pamalo. Ndinabadwira ku Kawale. Ndagwirako ku Mzuzu, ku Mwanza, ku Nchalo. Ntchito yanga ndi ya wotchi. Ndimakwera galimoto, ndimadina batani poyambira, ndimadinanso pothera. Mphindi zimene zapita ndimalemba. Basi. Chochita nazo amadziwa ndi akatswiri a misewu.

Ulendo uno kampani yathu inanditumiza ku Mponela. Makilomita awiri okha a msewu waukulu, pakati pa mashopu ndi msika. Anthu ankadandaula kuti pamenepo pamathinana. Maminibasi, malole a fodya, ngolo, akabaza. Mabwana ankafuna manambala, osati madandaulo.

Lamulo lake ndi limodzi. Galimoto yoyezera iziyenda ngati ena onse. Akaima, nawe uime. Akakwawa, ukwawe. Osapitirira munthu.

Anandipatsa dalaivala wakomweko, a Alufeyo a ku Malomo. Zaka khumi ndi ziwiri akuyendetsa minibasi. Ndinawafotokozera lamulolo, anavomera. Koma ataona wotchi m'manja mwanga, maso awo anasintha.

Ulendo woyamba, mphindi zitatu. Anadutsa lole chakumanzere, analowa m'fumbi, tinatulukira kuseri kwa chigayo.

"A Alufeyo, si mpikisano uwu."

"Ndamva, bwana Chiko."

Wachiwiri, mphindi ziwiri ndi theka.

"Nanga mukuthamangiranji?"

"Inuyo mukulemba dzina langa pamwamba pa pepalapo. Ku Lilongwe akawerenge kuti Alufeyo anatha mphindi makumi awiri pa Mponela pokha? Anzanga a pa siteji andiseke mpaka liti?"

Masiku atatu zomwezomwezo. Tsiku lachitatulo abwana anga, mayi Diana, anaimba foni.

"Chiko, mapepala akowa akusonyeza kuti Mponela ndi bwalo la ndege. Ukuyezadi, kapena wakhala pansi pa mtengo n'kumalemba za m'mutu? Mawa ndi tsiku la msika. Ukanditumiziranso zoterezi, ku ofesi kuno usadzabwere."

Masiku otayikawo sanandidetse nkhawa. Tsiku limodzi limakwana, bola likhale loona. Vuto linali lakuti dalaivala wina panalibe, ndipo ine laisensi ndilibe.

M'mawa mwake tinayamba seveni koloko. Mphindi zinayi. Ndinakhwatcha. Tikukhota pa mphambano ya ku Ntchisi kuti tibwerere, a Alufeyo anaponda buleki mwadzidzidzi. Pambali pa msewu panaima mayi wachikulire, dengu la mtedza pamutu. A Alufeyo anavula chipewa. Anatsika, ananjuta chapatali ndithu, nkhope ataitembenuzira kumbali.

Atabwera kudzatsegula chitseko chakumbuyo ndinafunsa, "Ndani amenewa?"

"Apongozi anga, aNankhoma," ananong'ona. "Amayi awo a akazi anga. Akupita kumsika. Sindingawasiye."

Mayiwo anakwera. Asanalize injini, a Alufeyo anapotoza kagalasi kapakati kuti kaloze kudenga. Kwawoko mkamwini saphana maso ndi apongozi. Wailesi anazimitsa. Manja onse awiri pa chiwongolero.

Ndinadina wotchi.

Patsogolo panali lole ya fodya. Tinaitsata. Minibasi inaima pakati pa msewu kutsitsa matumba. Tinaima. Hutala osaigwira n'komwe. Kondakitala wina anawazindikira.

"Alufe! Wadwala kodi? Kapena wanyamula mazira?"

A Alufeyo maso pamsewu. Thukuta lokha pamphumi.

Mphindi makumi awiri ndi imodzi. Nambala yoona yoyamba sabata yonseyo.

Ndinatembenuka. "Amayi, pepani. Kodi muli pachangu?"

"Iyayi, mwanawe. Mtedzawu ndikungokasiyira mnzanga wa pa benchi."

Ndinawafotokozera zonse. Za wotchi, za lamulo, za liwiro la akamwini awo, za ntchito yanga imene inatsala pang'ono kutha. Ndinawapempha kuti ayende nafe mpaka madzulo. Anamvetsera akuyang'ana panja. Kenako anayankha, koma ngati dalaivala mulibemo.

"Muwauze bambo a Precious kuti ine ndilibe kopita. Muwauzenso kuti mwana wanga sindinamulere kuti adzavale zakuda chifukwa cha liwiro."

A Alufeyo anayankha maso ali kutsogolo. "Bwana Chiko, muwauze kuti ndamva."

Tinasiya dengu kumsika. Anangotengako mtedza pang'ono m'kansalu. Tsiku lonse ankaswa kumbuyoko, makoko n'kumaika pamiyendo. Ife kupita, kubwerera. Kupita, kubwerera. Mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Makumi awiri ndi zisanu. Cha m'ma leveni koloko, makumi atatu ndi ziwiri.

"Apo mulembe kuti ndi malole a ku esiteti," anatero aNankhoma. "Amanyamuka onse pamodzi akatha kukweza mabelo. Ndipo amaima pomwepa kuti madalaivala adye chipisi."

Ndinalemba. Pa fomu panalibe malo ake, ndinalemba m'mphepete.

Kamodzi kokha mpata unatseguka pakati pa ngolo ndi basi. Mpata wabwino, ngakhale ine ndinauona. Phazi la a Alufeyo linayamba kutsika. Kumbuyo kunamveka kakhosomo kamodzi. Phazi linabwerera.

Maulendo khumi ndi anayi. Dzuwa likupendeka tinawatula aNankhoma pa mphambano paja. Anakutumula chitenje, makoko mbwee pansi.

"Muwauze kuti amayendetsa bwino akafuna."

A Alufeyo anadikira mpaka mayiwo atalowa kanjira ka m'chimanga chouma. Kenako anapuma mwamphamvu. "Zaka zisanu ndi zinayi ndili pabanja. Sananenepo chabwino chilichonse za ine."

Ndinajambula mapepala onse, ndinatumiza. Foni inalira ndisanamalize botolo la madzi.

"Iyi ndiye Mponela imene ndikuidziwa," anatero mayi Diana. "Za malole m'mphepetemu wakuuza ndani? Ndi zimene akatswiri akhala akufunsa."

"Munthu wodziwa msewu."

"Wasintha dalaivala?"

"Ayi. Yemweuja."

"Kaya wachita bwanji. Lolemba upite ku Kasungu. Misewu itatu, masiku asanu."

Chikwama changa chinali chomangamanga kale.